Kuyamba sekondale yatsopano ku Mzuzu: zoti uchite kuyambira usananyamuke

Chaka chilichonse ana ambiri olankhula Chichewa amapita kumpoto kukayamba sukulu ku Mzuzu. Ena asankhidwa kupita ku Mzuzu Government kapena ku Marymount atakhoza bwino mayeso a Sitandade 8. Ena ndi a transifa: bambo ndi msilikali ndipo awatumiza ku Moyale, mayi ndi namwino apatsidwa malo ku Mzuzu Central Hospital, kapena amalume a ku Chibavi anena kuti bwera uzidzakhala nafe. Malangizowa ndikulembera iwe amene uli pa ulendo wotere, ngakhale apa ndi apo ndizilankhulanso ndi makolo ako.

Ndikudziwa kuti chikukusowetsa tulo ndi choti ukapeza wocheza naye kapena ayi. Anzako adzapezeka okha, sabata ziwiri sizitha usanaseke ndi munthu. Zimene sizibwera zokha ndi mapepala, manotsi amene anzako analemba iwe kulibe, ndi dzina lako m'kaundula wa mayeso. Izi zimafuna kuti utsegule pakamwa, ndipo utsegule msanga. Safunsa anadya phula.

Yamba ndi mapepala

Ngati wasankhidwa ku Fomu 1, ntchito yako apa ndi yochepa. Dzina lako lili kale pa mndandanda, ndipo sukulu ili ndi pepala lonena tsiku lofika ndi zinthu zobweretsa. Peza pepala lenilenilo, usadalire za m'maluwa zoyenda pa WhatsApp.

Wa transifa ndiye ali ndi mtunda woyenda. Makolo apite kwa ahedi a sukulu imene ukuchoka akatenge kalata ya transifa pamodzi ndi malipoti a materemu onse amene waphunzira. Afunsenso ku sukulu imene ukufuna ngati malo alipo m'fomu yako. Pa sukulu za boma nkhani sithera mwa ahedi awiriwo, imadutsanso ku ofesi ya maphunziro ya chigawo. Dziko lino lili ndi zigawo za maphunziro 6, ndipo cha kumpoto, Northern Education Division, ofesi yake ili mu Mzuzu momwemo. Kawirikawiri amakusamutsira ku sukulu ya mtundu womwe unasankhidwira, kotero wa sukulu yoyendera ya CDSS asayembekezere kuti transifa imulowetsa pa sukulu yogonera ya boma.

Inu makolo, musamuchotse mwana kumene ali malo atsopano asanatsimikizike. Ana ambiri amakhala pakhomo mwezi wathunthu makalata akuyenda, anzawo akuphunzira. Wina akakuuzani kuti mumupatse kangachepe akukonzereni malo, mukaneni. Ndalama iliyonse imene sukulu ikufuna ilipiridwe mwa njira imene ofesi yanena, ndipo mutenge lisiti. Pepala lililonse mulijambulitse fotokope, lina likhale kunyumba.

Tsopano tchera khutu ngati ukusamuka uli Fomu 2 kapena Fomu 4. Mayeso a JCE, amene anathetsedwa kwa zaka zingapo, anabwereranso mu 2021, ndipo kalembera wa olemba JCE ndi MSCE amachitika miyezi yambiri mayeso asanafike. MANEB imakulemba pa sukulu imene unali pa nthawi ya kalemberayo, ndipo nambala yako, chiphaso chako ndi mapepala ako a mayeso zimapita komweko. Ukasamuka mwakachetechete kalembera atadutsa, ukhoza kuphunzira chaka chonse ku sekondale ya Katoto mu Mzuzu pomwe mpando wako wa mayeso uli ku Zomba. Choncho funsa ahedi onse awiri funso limodzi: dzina langa la mayeso lili kuti, ndipo ndikalembera kuti? Akakuonetsa pepala la mayina, yang'ana chilembo ndi chilembo, tsiku lobadwa, ndi maphunziro amene akulembera. Dzina lolakwika likalowa pa satifiketi lidzakuyendetsa m'maofesi uli wamkulu. Maganizo anga ndi oti wa Fomu 4 asasamuke konse ngati pali mbale woti akhale naye mpaka alembe mayeso.

Katundu, makamaka wofunda

Mzuzu ili pamalo okwera mamita opitirira 1,200. Wochokera ku Dedza kapena ku Thyolo sadabwa nazo, koma wa ku Salima, Mangochi kapena Nsanje akonzeke. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala kukutentha, ndiye ana ambiri amanyengeka n'kubwera ndi kabulangeti kamodzi kopyapyala. Teremu yachitatu, imene imagwira Meyi, Juni ndi Julayi, ndi imene imawaliza: chifunga m'mawa, madzi osamba ozizira mpaka m'mafupa, sitade ya usiku manja akukanika kugwira cholembera. Tenga mabulangeti awiri, sokosi zokhuthala ndi juzi. Usanagule juziyo funsa mtundu umene sukulu imalola, chifukwa ya mtundu wina akulanda pa asembule.

Mvula nayo ili ndi khalidwe lake kuno. Kwina ikamayamba kukata mu Malichi, ku Mzuzu ndi pamene yafika pachimake, ndipo Epulo amakhala wa matope. Malaya ochapa Loweruka akhoza kufika Lolemba asanaume, choncho yunifolomu imodzi sikwanira. Ambulera ikhalepo, makope uwakute ndi pulasitiki. Neti usaisiye poganiza kuti kozizira kulibe udzudzu, malungo aliko.

Zina zonse, ndowa, mbale, kapu, loko wa sutikesi, khasu kapena chikwakwa ngati zalembedwa pa pepala, ukhoza kugula ukafika. Msika waukulu wa mu tauni ndi wa Taifa, kumene kumadzaza katundu wa ku Tanzania, sizisowa zimenezi, ndipo palibe chifukwa chovutika nazo pa ulendo wa makilomita opitirira 350 kuchokera ku Lilongwe kudutsa Kasungu, Jenda ndi Chikangawa. Chilichonse ulembepo dzina lako, ngakhale ndowa. Wogonera pasukulu atengeko chiponde, shuga ndi mtedza wokazinga ngati zikuloledwa, poti nsima ya nyemba tsiku ndi tsiku imafuna kuizolowera. Foni siya kunyumba; sukulu zambiri zikaipeza zimalanda, zina zimakubweza ukaitane makolo.

Woyendera ayese njira sukulu isanatsegulidwe

Mzuzu ndi ya zitunda ndi madambo. Malo ooneka pafupi uli pakhonde amatalika ukayamba kutsika ndi kukwera. Kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, dzuka nthawi imene uzidzadzuka, uyende kuchokera kunyumba mpaka pa geti la sukulu, uone kuti zakutengera mphindi zingati. Funsa ana a pafupi njira ya chilimwe ndi ya dzinja, chifukwa tinjira todutsa m'dambo timaterera ndipo timilatho tina timamira mvula ikagwa usiku wonse. Njinga zonyamula anthu, zimene kwanu mumati kabaza, kuno uzimva akuti sakaramento. Mugwirizane mtengo usanakwere. Funsanso nthawi yeniyeni yolowera, popeza sukulu zina zili ndi ophunzira a m'mawa ndi a masana.

Tsiku loyamba

Fika m'mawa ndi kholo kapena wokuyang'anira, muyambire ku ofesi. Lisanathe tsikulo udziwe nkhope ndi mayina a anthu awa: mphunzitsi woyang'anira kalasi yako, a deputy amene kawirikawiri ndiwo amagwira nkhani za mwambo, monitala wa kalasi, ndiponso matironi kapena boarding master ngati ukugonera. Pempha pepala la malamulo uliwerenge lonse: kametedwe, malire a sukulu, chilolezo chotulukira pa geti, lamulo lolankhula Chingerezi. Kunena kuti sindimadziwa kumamveka kamodzi kokha.

Usangokhala pa desiki iliyonse imene waiona yopanda munthu, mwini wake mwina wangotuluka. Funsa monitala. Ngati pali posankha, khala chakutsogolo.

Ndipo pali chiganizo chimodzi choti uchimeze nthawi zonse chikafika pakhosi: "Kwathu ku Lilongwe sitinkachita chonchi." Ngakhale chitakhala choona, palibe chimene chimadanitsa mwana watsopano msanga kuposa chimenechi.

Manotsi: apa ndi pamene pali ntchito

Silabasi ndi imodzi dziko lonse, koma aphunzitsi sayenda liwiro limodzi, ndipo sayamba onse ndi mutu umodzi. Wa Biology wa kuno akhoza kukhala atamaliza mutu umene kwanu ankati adzaphunzitsa teremu ya mawa. Palibe amene adzaima kutsogolo n'kufunsa kuti watsopanoyu waphonya chiyani, makamaka m'kalasi yodzaza. Ana a transifa ambiri amazindikira zimenezi pepala la mayeso lili kale pa desiki.

Chita izi sabata yoyamba. Pa phunziro lililonse bwereka kope la munthu amene manotsi ake ndi athunthu. Usatenge la amene wayamba kukusekerera. Funsa mphunzitsi kapena monitala kuti amene amalemba zonse ndani. Tenga pepala, ulembe mitu yonse ya m'kope lake mbali imodzi, ya m'kope lako mbali inayo. Uona mitu ya magulu atatu: imene nonse mwaphunzira, imene iwe waphunzira koma iwo sanafike, ndi imene iwo amaliza iwe sunaione. Gulu lachitatuli ndilo ntchito yako ya teremu yonse, ndipo pepala limeneli ulimate mkati mwa chikuto cha kope, uzichonga mutu uliwonse ukautha.

Yamba ndi Masamu, Physics ndi Chemistry. Maphunziro amenewa mutu wa lero umakhala pamwamba pa wa dzulo, kotero ukaphonya umodzi, otsatira onse amakuzungulitsa mutu. History, Bible Knowledge kapena Social Studies ukhoza kuwerenga wekha Loweruka n'kuwapeza anzako. Kukopera kokha sikuthandiza. Ukakopera, yesa mafunso a kumapeto kwa mutuwo m'buku, kenako upite kwa mphunzitsi ndi pamene wakanika. Mwana wonena kuti "Madamu, sindikumva Masamu" amauzidwa kuti alimbikire basi. Koma wonena kuti "Madamu, ndabwera pa transifa, mutu uwu kwathu tinali tisanafike, ndayesa mafunso asanu awa ndipo lachitatu landikanika apa" amakhalitsidwa pansi n'kuthandizidwa. Kope la mwini ubweze tsiku limene unalonjeza, loyera monga unalitengera. Ukatero mawa akubwerekanso, ndipo ubwenzi wambiri wa kusekondale umayambira pomwepa.

Onanso ngati maphunziro ako onse alipo pa sukulu yatsopanoyi. French, Computer Studies ndi Home Economics sapezeka paliponse. Pa MSCE magiredi amayambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengera maphunziro 6 amene wakhoza bwino kwambiri, ndipo mayunivesite a boma, kuphatikizapo Mzuzu University (Mzuni) imene ili ku Luwinga konkuno, amafuna ma credit 6, imodzi mwa iwo ikhale ya Chingerezi. Ndiye ngati maphunziro awiri amene unkadalira kulibe, usadikire teremu ithe. Pita kwa mphunzitsi wa kalasi mugwirizane olowa m'malo mwake. Ngati kumene ukuchokera kunalibe labu, nenanso, chifukwa Biology, Physics, Chemistry ndi Agriculture zili ndi mayeso ochita ndi manja pa MSCE, ndipo si bwino kugwira zida kwa nthawi yoyamba tsiku la mayeso.

Lowa m'gulu lowerengera pamodzi, la study circle, sabata yomweyo. Woyendera amene kunyumba kuli phokoso kapena kulibe magetsi adziwe kuti National Library Service ili ndi nthambi mu tauni ya Mzuzu.

Chichewa chako ndi chuma pano. Anzako ambiri anachiphunzira ngati chiyankhulo chachiwiri, ndipo miyambi, zining'a ndi chimangirizo zimawavuta. Athandize, iwo akuthandize pa mitu unaphonya ija. Koma usatayirire poganiza kuti phunziroli ndi lako lobadwa nalo. Malamulo a chiyankhulo amafuna kuwerenga, ndipo si zachilendo mwana wa ku Rumphi kuposa wa ku Mchinji pa Chichewa chifukwa mmodzi anawerenga, winayo anangodalira pakamwa.

Chitumbuka

Mu Mzuzu simusowa womva Chichewa. Mumsika ndi m'minibasi chimamveka tsiku lonse, ndipo munthu akhoza kutha zaka zinayi osaphunzira liwu limodzi la Chitumbuka. Ena amaterodi. Ine ndikuti iwe usatero.

Pali mbiri imene uyenera kuidziwa. Mu 1968 boma linasankha Chichewa kukhala chiyankhulo cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC ndi m'sukulu. Chinadzabwerera pa wailesi mu 1994. Agogo ndi makolo a anzako anadutsa m'nyengo imeneyo ndipo sanaiiwale. N'chifukwa chake nthabwala zoseka katchulidwe ka mnzako, kapena mayina onyoza anthu a kumpoto amene mwina unkawamva kwanu, kuno siziseketsa munthu. Komanso ukaona anzako asiya Chichewa n'kuyamba Chitumbuka iwe uli pomwepo, usafulumire kuganiza kuti akukujeda. Nkhani ikakoma aliyense amathamangira ku chiyankhulo cha kwawo, monga uchitira iwe.

Yamba ndi moni. "Monire" amayankha "Yewo." "Muli uli?" yankho lake ndi "Nili makora, kwali imwe?" M'mawa amati "Mwawuka uli?", masana "Mwatandala uli?" Pothokoza, "Yewo chomene." Ukapanda kumva, "Nkhupulika yayi." Pamsika, "Ni zilinga?" Wina akafunsa ngati ukuchidziwa Chitumbuka, "pachoko pachoko" amaseketsa ndi kufewetsa mtima nthawi imodzi. Akuluakulu uwatchule adada ndi amama, makamaka alonda a pa geti ndi ophika kukhitchini, anthu amene ana ambiri amangowadutsa koma ndiwo amadziwa zonse za pasukulu. Adzakuseka ukaphonya katchulidwe. Seka nawo, ubwereze.

Usaganizenso kuti aliyense wa kumpoto ndi Mtumbuka. M'kalasi imodzi mukhoza kukhala Atonga a ku Nkhata Bay, Ankhonde a ku Karonga, Alambya ndi Andali a ku Chitipa, Angoni a ku Mzimba. Ena mwa iwo Mzuzu ndi yachilendo kwa iwonso. Funsa kuti kwanu n'kuti m'malo molota. Mnzako akakuitanira kwawo n'kukuikira kondowole, samba m'manja udye, usakwinye nkhope.

Teasing ndi zina zoti usazisunge mumtima

Kusesa, kukolopa kapena kutchetcha molingana ndi ndandanda ya mapulifekiti ndi ntchito ya sukulu, aliyense amagwira. Kuchapitsidwa zovala za wa Fomu 4, kulandidwa shuga kapena ndalama, kudzutsidwa usiku kuti uvine, kumenyedwa, zimenezo ndi nkhanza, ndipo malamulo a sukulu amaziletsa. Adzakuuza kuti nafenso tinadutsamo ndipo ukanena uona. Nena basi. Uza matironi, boarding master kapena mphunzitsi wa kalasi, utchule tsiku, malo ndi amene anaona. Zikapanda kusintha, makolo apite kwa ahedi, ndipo ofesi ya chigawo ija iliponso. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndi ya ana ofuna thandizo, ndipo kupolisi kuli Victim Support Unit.

Wa fomu yapamwamba akadzipereka kukhala mayi kapena bambo wako wa pasukulu, yamba wamuonetsetsa. Ena ndi a mtima wabwino ndithu, ena akuyang'ana sutikesi yako. Ndipo munthu wamkulu aliyense, akhale mphunzitsi, wa sakaramento kapena wa golosale, akayamba timphatso, kukunyamula ulere tsiku ndi tsiku, kapena kukuitanira kunyumba kwake wekha kuti akakuphunzitse mwapadera, uza mayi ako kapena matironi tsiku lomwelo. Izi ndikunena kwa atsikana ndi anyamata omwe. Mwana watsopano ndi amene anthu otere amamusaka, podziwa kuti alibe womuuza.

Anzako, ndi kupukwa kwanu

Usamange ubwenzi wa imfa ndi moyo sabata yoyamba. Cheza ndi onse, uone amene amalowa m'kalasi belu likalira ndi amene amazimiririka nthawi ya sitade. Lowa kalabu imodzi kapena ziwiri: magulu a ophunzira achikhristu a SCOM ndi YCS, gulu la ophunzira achisilamu, zisudzo za m'Chingerezi zimene zimakafika ku mipikisano ya bungwe la ATEM, mpira kapena netiboli. Kumeneko umadziwana ndi a mafomu ena popanda kudzikakamiza.

Kupukwa kumabwera, kawirikawiri osati tsiku loyamba koma zachilendo zikatha, cha m'sabata yachitatu, madzulo kukamazizira. Si matenda ndipo kumapita. Koma ukaona kuti masabata akudutsa sukugona, sukudya, ukungolira kapena ukuganiza zodzipweteka, uza mphunzitsi amene umamukhulupirira. Mu Mzuzu muli a St John of God amene ntchito yawo ndi kuthandiza pa za maganizo.

Inu makolo, mwana akalira pa foni ya matironi musathamangire kukamutenga, komanso musangoti alimbe mtima osafunsa chimene chamuliza. Mufunseni mafunso oti sangayankhe ndi "bwinobwino": wadya chiyani lero, amakhala ndi ndani pa desiki, ndi mitu ingati imene watsala nayo pa pepala lija. Tsiku lokaona ana, pambali pa mpunga ndi nkhuku, pemphani muone makope.

Lipoti la teremu yoyamba likhoza kutsika poyerekeza ndi la kumene unachokera, makamaka ngati mayeso anafunsa mitu imene sunaimalize. Usalibise m'sutikesi. Pempha mapepala ako a mayeso, uone ngati malikisi anatayika pa mitu yophonya ija kapena pa imene unaphunzira uli pomwepo, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana: yoyambayo ikufuna manotsi ndi mphunzitsi, yachiwiriyo ikufuna kuti usinthe kawerengedwe. Pa phunziro limene wagwa kwambiri, pempha mphunzitsi wake akulembere mitu itatu kapena inayi yoti ukalimbane nayo pa holide, ndipo buku lake ulipeze sukulu isanatseke.